Batani Limodzi Lolira

Saluni yanga ili pa Chitakale, m'munsi mwa phiri, pafupi ndi siteji ya maminibasi. Kuseri kwake, kungolekana ndi pulayiwudi, kuli kachipinda ka mlongo wanga Jailosi. M'mawa amatayipira anthu zinthu pakompyuta, masana amasewera magemu owomberana ndi anzake a pa intaneti omwe sanawaonepo n'komwe.

Jailosi amadwala matenda akugwa kuyambira ali mwana, ndipo matendawa sagogoda pobwera. Ndiye kiyibodi yake yaphokoso ija, imene makasitomala ankadandaula kuti ikumveka ngati matalala padenga, kwa ine inali mlonda. Ikamalira, ndinkaluka tsitsi mtima uli m'malo. Ikangoti zii, ndinkasiya mutu wa munthu uli theka n'kukasuzumira. Kangapo konse ndinam'peza ali pansi, thovu lili kukamwa.

Tsiku lina kunabwera Hashimu, amene amagulitsa zipangizo za makompyuta pa Limbuli. Anatsegula kabokosi ka tizinthu tonga mano. Akuti ndi maswichi, amene amakhala kunsi kwa batani lililonse.

"Abuluuwa ndi amene muli nawo, achimwene, ndi olira," anatero Hashimu. "Abulawuniwa amangogunda chala pang'ono, abwino potayipa. Koma ofiirawa, eee, ndi ofewa, phokoso alibe. Pagemu simungagonje."

Jailosi anadina swichi yofiira. Sindinamve kanthu.

"Bwanji osatenga abulawuni?" ndinatero. "Bola amamvekako."

"Achemwali, kiyibodiyi ndi yanga kapena yanu?"

"Nanga ukagwa ndidziwa bwanji?"

Hashimu anayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti ndam'chititsa manyazi mlongo wanga pamaso pa mlendo, koma mawu sindinabweze.

"Ndatopa nazo," anatero Jailosi motsitsa mawu. "Ndikangoima kuti ndikande m'mutu, mwafika kale. Ndikati ndiganize, mwafika. Munthu wandevu ine, kumandimvetsera ngati khanda?"

Anasankha ofiira. Ndinapsa mtima moti ndinam'koka tsitsi mayi wina wosalakwa. Masana onse ndinkamva Jailosi akuzula maswichi akale ndi kachitsulo, imodziimodzi. Atamaliza anagogoda pa pulayiwudi.

"Ndakusiyirani imodzi yabuluu, pa batani lalitali la m'munsili. Ndikamaliza liwu lililonse ndimalidina, pagemu ndi lodumphira. Muzimva limenelo."

Ndinavomera, nanga ndikanatani? Pang'onopang'ono khutu linazolowera kaliridwe katsopanoka: khete, kenako duu, khete khete, duu, khete.

Lachisanu lotsatira kunachita chiperoni, phiri lonse osaoneka. Saluni inadzaza chifukwa mawa lake kunali ukwati ku esiteti ya tiyi. Ndinkaluka mkwatibwi, dulaya ikulira pambali, azimayi akuseka nkhani za apongozi. Pakati pa phokoso lonselo batani lija ndinkalimva ndithu, ndipo ndinkangoti lero ndiye Jailosi walimbikira.

Mkwatibwi ndi amene anayamba kudabwa.

"Koma achimwene anuwo amatayipa mwaliwiro bwanji, osapumira n'komwe!"

Ndinazimitsa dulaya. Khete-khete-khete-khete, mofanana, mosalekeza, ngati makina osokera. Munthu akamatayipa amaima n'kuganiza. Akamasewera amatukwana, mpando umalira. Uku kunalibe china chomveka koma batani lokhalo. Pamenepo ndinakumbukira mmene dzanja la Jailosi limagwedezekera matenda aja akam'gwira.

"Kodi layamba liti kulira chonchi?" ndinafunsa.

"Kalekale," anatero mkwatibwi. "Musanayambe n'komwe mbali inoyi."

Chipeso chinandipulumuka m'manja.

"Jailosi!"

Ndisanafike pachitseko, batani lija linasiya kulira.