Ng'ombe Yathu Inkapita ku Bala

Kolala tinaimanga m'khosi mwa ng'ombe Lolemba pa 3 Febuluwale, nthawi ili 7:15 m'mawa. Ndine ndinkasunga buku la gulu, choncho masiku ndi maola onse m'nkhani ino ndi olembedwa. Kolalayo ndi lamba wachikopa wokhala ndi kabokosi kamene kamalemba pamene ng'ombe ili mphindi khumi zilizonse. Tinali atatu, tonse a chaka chomaliza cha maphunziro a ulimi: ine, Magalasi ndi Wamtali. Funso lathu linali limodzi: kodi ng'ombe za m'khola limodzi zimadya pati, ndipo msipu ndi nthaka ya pamenepo zimasintha bwanji?

Mwini khola anali bambo waulemu, wa ng'ombe khumi ndi imodzi. Tinasankha yotsogolera zinzake, yamawanga, yothyoka nyanga yakumanzere. Pomanga, Wamtali anawauza bambowo kuti aisamale kolalayo chifukwa mtengo wake umaposa ng'ombe ziwiri. Mawu amenewo sindinawalembe m'buku. Ndikanawalemba.

Masabata asanu ndi limodzi tinkapita kudambo Lachisanu lililonse kukayeza udzu m'zigawo zinayi. Zigawo zitatu zinali bwinobwino. Chachitatu, cha pakona pamene waya wa munda wa eni ake amakumana ndi mtsinje, chinali mbee, udzu wa masentimita awiri, dothi lolimba ngati bwalo la mpira. Chifukwa chake tinkayembekeza kuti kolala itiuza.

Pa 17 Malichi, tsiku limene tinapangana ndi bambowo, tinaitenga. Tinaipeza ili m'khosi mwa ng'ombe, yoyera ngati yopukutidwa ndi mafuta. M'chipinda cha makompyuta, pansi pa fani yosazungulira, madontho 6,048 anatuluka pamapu.

"Aise," anatero Magalasi, "ng'ombe imathamanga bwanji?"

"Ikamadya, kilomita imodzi pa ola siikwana," ndinayankha.

"Iyi ikupanga sikisitini."

Tinayang'ana tsiku ndi tsiku. Ng'ombe inkachoka pakhola 7:40, n'kufika kudambo 8:10. Pofika 8:30 inali pamsewu, makilomita asanu ndi imodzi mosapuma, kenako n'kuima malo amodzi mpaka 4 koloko. Usiku sinkagona m'khola koma m'nyumba, chipinda chakum'mawa. Lamlungu inkapita kutchalitchi.

Adokotala, amene ankayang'anira kafukufuku wathu, anawayang'ana mapuwo nthawi yaitali.

"Ng'ombe yopemphera," anatero. "Ndakondwa nayo. Koma lipoti ndikulifuna Lachisanu pa 4 Epulo, lokhala ndi masiku osachepera khumi ndi anayi a ng'ombe yeniyeni. Kupanda apo, tidzaonana chaka chamawa m'kalasi lomweli."

Titatuluka, Magalasi anati madontho a pamsewu tingowakokera kudambo, ndani adziwe? Ndinakana. Ndinawerenga pakalendala: kolala ikabwerera m'khosi Lachitatu pa 19, masiku khumi ndi anayi akwana pa 2 Epulo. Tsiku limodzi lotaya tinalibe.

Lachiwiri m'mawa tinatsata dontho lalikulu la pamene ng'ombe inkaima mpaka 4 koloko. Linatifikitsa pa bala, kanyumba ka malata kogulitsiramo mowa, ka benchi ziwiri panja ndi tebulo la pulu long'ambika pakona. Wogulitsa anali akutsuka matambula.

"Pepani achimwene, kuno kumabwera ng'ombe yamawanga?" anafunsa Wamtali.

"Ng'ombe ayi. Koma alipo bambo wina amabwera panjinga ndi lamba wa ng'ombe m'chikwama. Akakhala pansi amaika pamiyendo ngati khanda. Ukangoti ukhudze, nkhondo."

Madzulo a tsiku lomwelo tinafika pakhomo pa mwini khola. Tinawaitanira kuseri kwa khola n'kutsegula laputopu pamwamba pa mgolo.

"Ana anga," anatero atamvetsa, akupukuta pamphumi, "munati chinthuchi n'choposa ng'ombe ziwiri. Ndiye ndichisiye kudambo, pakhosi pa nyama yosadziwa kukuwa? Ndimachivula, ndimachisunga, Lachisanu ndimachibwezera kuti muchione."

"Nanga ng'ombezo mumazisiya ndi ndani, bambo?"

"Ndi waya ndi mtsinje. Pakona paja sizingapite kulikonse. Ndimatseka ndi nthambi zaminga, basi."

Ndinalemba zimenezo nthawi yomweyo. Chigawo chachitatu chinali chitayankhidwa: ng'ombe khumi ndi imodzi, malo amodzi, maola asanu ndi awiri ndi theka tsiku lililonse.

"Mawa kolala ibwerere, ndipo isavulidwenso," ndinatero.

"Ayi. Chikabedwa mudzaloza ine. Khalani nacho chinthu chanu, mukachiyese kwa ena."

Kwa ena kunkafunika kalata, chilolezo ndi kuyezanso msipu kuyambira pachiyambi: masabata atatu. Tikuyang'anizana chomwecho, mayi a pakhomopo anatulukira atanyamula mipando iwiri yapulasitiki.

"Alendo amakhala kuseri kwa khola masiku ano? Mukuonera chiyani?"

Bambo anayesa kutseka laputopu. Magalasi anaigwira, n'kuitembenuzira kwa mayiwo mwaulemu wonse.

"Ndi maulendo a ng'ombe yanu, mayi. Apa ndi pakhola. Apa ndi padambo."

Mayiwo anakhala pampando umodzi, n'kuika chala pamzere wa msewu. Anautsata pang'onopang'ono mpaka pa dontho lalikulu.

"Apa pali msipu?"

"Sitinaupeze, mayi."

"Madzi?"

"Zakumwa zilipo," anatero Wamtali.

"Imafika nthawi yanji?"

Ndinayang'ana m'buku. "Cha m'ma 8:50. Imachoka 4 koloko. Pa 22 Febuluwale inachoka 6:20."

"Loweruka lija," anatero mayi, osayang'ana amuna awo. "Lomwe munati mwana wa ng'ombe anasochera. Bambo a ana, ng'ombe imeneyi yatichititsa manyazi. Ife kumati mkaka wachepa chifukwa cha matenda, osadziwa kuti ndi chidakwa."

"Mayi a ana, makinawa nthawi zina amanama."

"Lamlungu akuti inali kutchalitchi. Anama?"

Bambo anakanda m'mutu.

"Ndiye poti yazolowera njira yoipa," anapitiriza mayi, "isasiyidwenso yokha. Mawa muimange lamba wakeyo. Wakuba sangaufike, chifukwa mwini wake akhala ali pambali pake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Si choncho, bambo a ana?"

"N'chimene ndimafuna kunena," anatero bambo.

"Ndipo inu ana, mapu a mlungu uliwonse muzindionetsa. Ndikufuna ndizionako momwe ikusinthira."

Kolala inabwerera Lachitatu pa 19 Malichi, 7:05. Nthawi ino anamanga ndi mayi, n'kusoka kumapeto kwa lamba ndi ulusi wofiira, mfundo zitatu. Anati ulusi wa mtundu umenewo m'nyumbamo ali nawo ndi iwo okha.

Masiku khumi ndi anayi otsatira, ng'ombe sinapitirire makilomita atatu pa ola. Munthu woti akhale padambo tsiku lonse satha kukhala pakona imodzi, choncho bambo ankazitembenuza: m'mawa chigawo choyamba, masana kumtsinje, madzulo chachinayi. Titapita Lachisanu pa 28 tinawapeza atakhala pachulu, chipewa chili pamaso.

"Mwandimangitsa, ana inu," anatero. "Ng'ombe yavala lamba, womangidwa ndine."

Pa 2 Epulo udzu wa chigawo chachitatu unali utafika masentimita asanu ndi awiri. Dothi linali likadali lolimba. Limenelo silichira pa masabata awiri, ndipo tinalemba choncho. Mayi anadula okha ulusi wawo ndi lezala. Anafunsa ngati sukulu imabwereketsa makolala kwa anthu wamba. Ndinawauza kuti ayi.

Lipoti tinapereka pa 4 Epulo, 3:40 masana, kutatsala mphindi makumi awiri. Za masabata asanu ndi limodzi oyamba tinalemba zoona: kolala sinali pa ng'ombe kupatula Lachisanu, ndipo ziweto zinkatsekeredwa pakona popanda m'busa. Kumene kolala inali sitinatchule.

Adokotala anawerenga tsamba limenelo ife tili chiimire.

"Ndiye mwapeza kuti chimene chimawononga msipu si kuchuluka kwa ng'ombe kokha?"

"Padambo limeneli, inde. N'kuzisiya pamodzimodzi."

"Nanga m'busa anasintha chifukwa cha uphungu wanu?"

Tinayang'anana.

"Uphungu unachokera kwa mlangizi wa pakhomo pomwepo," anatero Magalasi.

"Mumuike pa tsamba la zothokoza," anatero Adokotala, n'kusaina. "Mwakhoza. Tulukani, ndili ndi gulu lina limene mbuzi yake akuti ikukwera minibasi."