Zala Zinayi za Kebulo

1.
Onjeza zala zinayi, anatero a Kathumba.

Ndaziona anayang'ana kebuloyo, kenako anayang'ana bambo ake. Aka kanali kachitatu. Kebulo ya moto ndi kawaya kochokera pa kandodo kamene woyendetsa ndege amagwira ndi dzanja lamanzere, kukafika ku kabuleta ya injini, kumphuno kwa ndege. Kandodo kakasendera kufupi ndi mpando, kebulo iyenera kutalika. Ndipo kebulo salumikiza ngati chingwe cha mbuzi. Umasolola yonse, n'kudula ina yatsopano, n'kuwotchereranso kamutu kake.

Ababa, dzulo munatinso zala zinayi.

Zinali za dzulo, mayi. Tandipatsa sipanala.

Anatambasula mkono n'kuwapatsa. Iwo anachedwa kulandira, maso ali pa mkono wake.

2.
Ndegeyo, monga ilili kuseli kwa shedi yokonzera njinga zamoto pa Mponela, pansi pa mtengo wa mango:

mapaipi opepuka, ogulidwa imodziimodzi
matayala awiri a njinga yamoto, lina la wilibala kumchira
injini ya kandege kena kakale ka pa esiteti ya fodya
pulopela ya mlombwa, yosemedwa dzinja lonse
mpando wa minibasi, wowotcherera, wosasuntha, chifukwa ukasuntha ndege ipendekeka
nkhuku imodzi, yomwe si mbali ya ndege koma imaikira momwemo
zaka khumi ndi chimodzi.

3.
Kankha, moto. Koka, phee.

Umu ndi mmene kandodo kamagwirira ntchito, ndipo a Kathumba amaimba mawuwa ngati nyimbo ya kwaya. Ndi munthu wamtali, wa mikono yofika m'maondo. Chaka chatha sitiroko inawagwira, n'kuwasiyira mkono wamanzere waulesi, wongofika pakati n'kuima. Kuyambira pamenepo kandodo kanayamba ulendo wake wobwerera kumbuyo, zala zinayi, zala zinayi. Ndaziona sanafunse chifukwa. Ankachiona chifukwacho chikulendewera m'mbali mwa malaya awo, ndipo zinkamumvetsa chisoni.

4.
Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi Ndaziona ankakhala pa chigubu chamafuta chovundikira akugwirira bambo ake mabawuti m'chikhatho ndipo tsiku lina kandege kopopera mankhwala kanadutsa pansipansi moti malata a shedi ananjenjemera iye n'kutaya mabawuti onse m'fumbi n'kuthamanga mpaka kumsika akukuwa kuti ine ndidzayendetsa imeneyo ine ndidzayendetsa imeneyo anthu n'kumaseka kuti kamwana kakafupi ngati aka kadzaona bwanji kutsogolo ndipo pobwerera anapeza bambo ake atagwada akutola mabawuti osamukalipira n'komwe kenako sukulu inathera pa Fomu 2 n'kubwera ukwati n'kubwera ana awiri n'kubwera shedi yomwe lero ndi yake ndipo a kabaza onse a pa Mponela amadziwa kuti njinga ikavuta upite kwa mayi wamfupi uja amaimva ndi khutu asanaigwire ndipo za kandege kaja iye anaziiwala monga mmene munthu amaiwalira nsapato zimene anavala ali mwana

5.
Anthu a pa Mponela amati:

Imeneyo ikauluka ine ndidya chipewa changa chaubweya.
Khola la nkhuku lamapiko.
Asiyeni, ena ukalamba wawo amathera ku mowa.

A Kathumba amangoti, kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatero amatumiza Ndaziona kukagula mandasi, n'kugawira omwe akuwasekawo.

6.
Kalata inafika Lolemba. Lachisanu kubwera munthu wa boma kudzayendera ndegeyo, bawuti ndi bawuti. Akaivomera, idzakokedwa kupita ku bwalo lakale la pa esiteti, komwe a Nyirongo, woyendetsa ndege wopuma ntchito, alonjeza kuphunzitsa munthu mmodzi.

Mmodzi.

Ndaziona anawerenga kalatayo kawiri, akupukuta girisi m'manja. Anasangalala, chifukwa bambo ake ankaseka mpaka kuonetsa usinini. Anachitanso mantha. Zaka zonsezi ndegeyo inali yabwino chifukwa inali pansi pa mango. Tsopano ankaona nkhalamba ya mkono umodzi ndi theka ili m'mwamba, pamwamba pa minda ya fodya, popanda womugwirira mabawuti.

7.
Iwe Ndaziona, ukudziwa chimene ukuchita. Ndi Lachitatu masana, ababa ako apita kukameta, ndipo wagwira sipuling'i ya pa kabuleta. Pa njinga yamoto iliyonse imene unaigwirapo, sipuling'i imakokera kotseka. Kebulo ikaduka, moto umatsika wokha, wa kabaza n'kutsetsereka mpaka m'mbali mwa msewu, n'kutukwana, n'kukankha njinga kubwera kwa iwe. Palibe amafa. Ababa ako anaikoweka mozondoka, yokokera kotsegula, ndipo wakhala ukuiyang'ana ndi diso loipa mwezi wathunthu.

Ukuitembenuza. Ukuikoweka monga manja ako akudziwira.

Koka, phee. Mtima wako nawonso phee.

8.
Anabwera ndi mutu wonyezimira, akununkhira sipiliti wa kometera. Sanafike n'komwe pa mpando. Anangokankha kandodo ndi chala chimodzi, n'kumva mmene kakubwererera.

Wandisandutsira ndege kabaza.

Ababa, kebulo ikaduka, injini izitsika. Ndi mmene munandiphunzitsira inu nomwe.

Ndinakuphunzitsa za pansi. Pansi pali m'mbali mwa msewu. Kumwamba ukaima, uima pati?

Nkhuku inatuluka m'ndege n'kudutsa pakati pawo.

Tamvera, mayi. Kumwamba kebulo ikaduka, injini ipatse moto wonse. Izilira, izikunyamula mpaka uone bwalo pansi pako. Ukafika pamenepo uzimitsa ndi swichi, n'kutsika bwinobwino. Sipuling'i yako ija imaimitsa munthu pomwe tsoka lamupezera. Yanga imamubweretsa kunyumba.

Ine ndikuopa, Ababa.

Ndikudziwa. Inenso ndikuopa, n'chifukwa chake ndikuti uitembenuze. Tandipatsa sipanala.

9.
Ndaziona anaitembenuza yekha, ndi manja ake, ngakhale manjawo ankakana.

Lachinayi anamanga mchira wa ndege ku mtengo wa mango ndi chingwe cha lole, n'kutsekera nkhuku m'shedi. A Kathumba anadzipinda mu mpando, maondo kufika pachibwano, chigongono chitapanikizika kukhoma. Kandodo kanali pafupi kwambiri moti anakagwira ndi dzanja lamanja, modutsa pamimba. Ndaziona anaona zimenezi n'kudandaulira sitiroko mumtima.

Kankha, moto. Koka, phee. Kankha, moto.

Kenako anazimitsa, Ndaziona n'kumasula kebulo dala, ngati yaduka, n'kulizanso. Injini inabangula. Masamba a mango anathothoka, fumbi linafika mpaka kwa ogulitsa tomato, chingwe cha lole chinalimba ngati mtsempha. Swichi.

Zii.

Waona, inatero nkhalambayo, ikupukuta misozi ya fumbi. Ikanandifikitsa.

Anadya mango awiri atakhala pansi pa phiko, madzi ake akutsikira m'zigongono. Linali tsiku labwino.

10.
Zotsala Lachisanu lisanafike:

kuthira mafuta m'kebulo
kumanga kebulo kutali ndi paipi ya utsi
kuchotsa mazira
kulemba dzina pa fomu ya a Nyirongo.

11.
Lachisanu m'mawa, munthu wa boma asanafike, a Kathumba anati, takwera undiuze ngati kebulo ikulimba.

Zaka khumi ndi chimodzi Ndaziona anali atagona pansi pa ndegeyo, atakwera pamapiko, atalowetsa mutu m'mphuno mwake. Pa mpando sanakhalepo, poti unali wa eni ake. Anakwera. Msana unakhazikika. Mapazi ake anapeza timatabwa tokhomeredwa pa zopondera, timene ababa ake anati n'ta mwendo wawo wovuta. Anagwetsa dzanja lamanzere osayang'ana, ndipo kandodo kanali momwemo m'chikhatho, ngati kakhala kakumudikira.

Zala zinayi. Zala zinayi. Zala zinayi.

Anakumbukira tandipatsa sipanala uja, ndi maso aja ochedwa pa mkono wake.

Ababa, kandodo aka si ka mkono wanu.

Mkono wanga unapuma chaka chatha, mayi. Ndipo ngakhale uli bwino, sindine amene ndinathamangira kandege mpaka kumsika.

Anamupatsa fomu ija. Dzina linali lolembedwa kale, m'zilembo zopendekeka. Ndaziona analiwerenga, n'kupeza kuti ndi lake, n'kuyang'ana kumphuno kwa ndege, komwe kunali sipuling'i imene anaitembenuza kuti ateteze bambo ake, iwo n'kumuumiriza kuibweza. Misozi inabwera, koma ankaseka.

Nanga ikukwana, kapena tionjeze?

Anakankha. Anakoka.

Isiyeni pomwepa, Ababa.