Kokonati Wachiwiri

Achemwali anga atanena kuti akufuna kokonati, ndinatuluka m'nyumba ngati wamisala, masilipasi osiyana kumapazi. Musandiseke. Munthu amene wakhala akukankha mbale masiku onsewa akatchula chakudya ndi pakamwa pake, suyamba ndi mafunso. Dzulo lake namwino amene amabwera kudzawabaya jakisoni anali atandikokera pakhonde n'kundiuza mosapsatira kuti mankhwala afika pamene akanafika. Chatsala n'chakuti adye. Akapanda kudya, tingoyembekeza.

"Ugule awiri," anatero achemwali ndili pakhomo. "Uziyamba wagwedeza pakhutu. Wopanda madzi usatenge, ndi wakufa ameneyo."

Awiri! Njira yonse ndinkayankhula ndekha. Munthu wofuna awiri ndiye kuti njala yabwerera. Bambo wogulitsa zipatso pakona ndinamutopetsa, mulu wonse ndinaugwedeza mmodzimmodzi mpaka anandifunsa ngati ndikuyembekeza kuti wina andiyankha.

Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi. Ine ndi khitchini sitimwerana madzi, ndipo achemwali, amene anaphika ku hotela zaka zambiri, dzina langa analitaya kalekale. Amangonditchula Zikhadabo. Ndinasamukira kwawo matenda atakula, chifukwa m'nyumbamo munalibe wamkulu wina. Bambo a mwana wawo anatuluka mwanayo ali wakhanda, akuti akukaona ntchito, ndipo mpaka lero akuionabe. Mwanayo timamutchula Kambewa chifukwa amadya mongonyenya, ndipo tsiku limenelo anali kusukulu.

"Kokera tebulo pano, ndizikuona," anatero nditabwerako.

Ndinalikokera pakhomo la chipinda chawo. Ndinawatsamiritsa pamapilo. Anali atatha, abale. Mikono imene inkanyamula mapoto a anthu aukwati inali ngati timitengo ta tsache.

"Zula ubweyawo kumutu. Ukuona maso atatu? Awiri ndi ouma, limodzi ndi lofewa. Lisake ndi chala."

"Onse ndi ouma."

"Ndi chala, Zikhadabo, osati ndi penti wakoyo."

Ndinalipeza. Ndinatsuka msomali, ndinaboola, ndinazondotsa kokonatiyo pakapu yokhala ndi sefa. Madzi anatuluka pang'onopang'ono ngati mpopi wa tsiku lopanda madzi. Anandiuza kuti ndinunkhize kaye, kenako ndilawe, akakhala owawasa nditaye zonse. Anali otsekemera. Ndinawapititsira kapuyo.

"Ika apo. Ndimwa bwino lino. Tenga mpeni waukulu uja."

Ndinaika. Ndinadziuza kuti akufuna ayambe ndi mkaka wake.

Ine ndinkafuna kungomumenyetsa pasimenti, zithe. Anandikalipira ndi kampweya kamene anali nako. Akuti pansi amaphwanyika tizidutswa, mnofu n'kudzaza mchenga. Umugwire m'dzanja lamanzere, umenye ndi msana wa mpeni, osati kukamwa kwake, pakati penipeni, ukumuzunguza. Ndinamenya. Mpeni unangodumpha. Ndinamenyanso, chikhadabo changa chapakati n'kuthyoka mpaka m'mnofu. Ndinatukwana mawu amene sindingawabwereze pano.

"Kawenge zonsezo," anatero.

"Mukudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji ndikuzisunga?"

"Ndikudziwa. Kawenge."

Ndinakawenga, misozi ili m'maso, theka chifukwa cha chala, theka chifukwa cha mkwiyo. Ndinkati mumtima, bola mudye, mukachira tidzakambirana za zikhadabo zanga. Nditabwerera ndinamenya ndikuzunguza, kho, kho, kho, mpaka kulira kwake kunasintha, kunakhala kogonthera. Mng'alu unayenda wokha kuzungulira chigoba chonse ndipo anatseguka m'manja mwanga, mkati moyera mbee. Ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli. Achemwali anamwetulira. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata pakati pa mano.

Ntchito inali isanayambe n'komwe. Zigobazo ndinaziika pambaula pang'ono kuti mnofu ulekane ndi chigoba. Ndinaukanganula ndi mpeni wosathwa, nsonga yake ikuloza kutali ndi dzanja. Khungu lofiirira lakumsana ndinalisenda ngati mbatata. Kenako kupala pachopalira cha mabowo. Mayo ine, kupala! Mkono unachita dzanzi, zala ndinazipala nazo limodzi, ndipo iwo ali pabedi osaphethira.

"Kumabowo aang'ono. Aakuluwo ukutaya mkaka."

"Achemwali, m'sitolo muli wam'chitini. Kungotsegula basi."

"Wam'chitini amathiramo zinthu. Pala."

Madzi akhale ofunda, akuti, oti chala chikhalemo osathawa. Ndinathira pang'ono m'zopalazo, ndinakanya mpaka madzi anayera, ndinakhuthulira m'kansalu koyera n'kupotokola. Mkaka unatsika pakati pa zala zanga, wochindikala, wonunkhira nyumba yonse. Umenewo ndi woyamba. Ndinathiranso madzi, ndinafinyanso, unatuluka wachiwiri wopyapyala, akuti wophikira mpunga. Anandiuza kuti ndiusunge m'botolo lotseka mufiriji, ndipo ndikadzaupeza utagawikana, mafuta pamwamba madzi pansi, ndisadzataye, ndidzangokhutchumula. Koma ukayamba kununkha mowawasa, ndisadzachite nawo chisoni.

Ndinkangoti eya, eya, osamvetsera bwino. Maso anga anali pakapu. Ndinathira mkaka woyamba uja, ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ndinawagwira kumsana.

Ananunkhiza. Anaviika nsonga ya lilime. Anatseka maso kanthawi, kenako anakankha kapuyo ndi zala ziwiri, monga mmene ankakankhira mbale zonse zija.

"Wakhala bwino. Madzi wachulutsa pang'ono, koma wakhala bwino."

"Ndiye imwani."

"Mu tiyi wake uzithira masupuni awiri, tiyi atazizirako. Akakhala wobwata mkakawo umadukaduka ndipo sakhudza. Wang'ombe usadzayerekeze, ngakhale alire, ngakhale anzake akumwa. Ukukumbukira mmene anatupira milomo tsiku lija."

Ndinakumbukira. Kambewa thupi lake limakana mkaka wa ng'ombe chibadwire. Ndinkadziwa zimenezo, ndani sankadziwa? Koma zaka zonsezi sindinafunsepo kuti choyera chija cha m'kapu yake chimachokera kuti. Chimangopezeka mufiriji. Chiyambire kugona kwa mayi ake mwanayo wakhala akumwa tiyi wakuda, osadandaula, ine osaona.

"Achemwali," ndinatero, "kokonatiyu si wanu?"

Anayang'ana patebulo pamene panali wachiwiri uja.

"Uyo uswe wekha. Ine ndikhala chete."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinawauza kuti andipusitsa. Ndathamanga mumsewu ngati chitsiru, ndawenga zikhadabo, ndazipala zala, ndikuganiza kuti ndikuwaphikira iwo. Ndinawauza kuti mwana ndi wawo, adzuke azimufinyira okha, ine sindinabereke ndipo sindikufuna kuphunzira chilichonse. Ndinakweza mawu kwa munthu wosatha kukweza mutu. Kenako ndinagwada pansi ndi kapu ija n'kuyamba kuwapempha ngati mwana. Kamodzi kokha. Supuni imodzi yokha. Chifukwa cha ine.

"Sizikutsika, mng'ono wanga," anatero. Sanati Zikhadabo. "Ukuganiza kuti sindinayese? Fulumira, ndisanagone. Kambewa aweruka posachedwa."

Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo. Ndinaimirira, ndinatenga kokonati wachiwiri. Ndinaganiza zolakwitsa dala. Ndikalephera, adzayenera kundionetsanso mawa, ndi mkuja, ndi sabata yamawa. Munthu sangachoke ntchito asanaimalize, makamaka achemwali anga, amene sanasiyepo poto pamoto.

Koma chala chinapita chokha pa diso lofewa. Madzi anatsika m'kapu. Ndinagwira mpeni, misozi ikutsekereza maso, ndinamenya mwaulesi, mopanda mtima, ndikupempha kuti akane. Dzanja lamanzere linkazunguza lokha. Kho, kho, kho. Kulira kuja kunasintha.

Anatseguka pakati penipeni, bwino kuposa woyamba, popanda ndi kachidutswa komwe kogwa pansi.

Kumbuyo kwanga ndinamva achemwali akutulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo pakhomo. "Eya," anatero. "Basi. Ndichotsere mapilowa."

Ndinawagoneka. Anatembenukira kukhoma. Makapu awo awiri anali pomwepo pampando, ya madzi ndi ya mkaka, odzaza. Ndinakhala patebulo ndi zigoba ziwiri m'manja, osadziwa poziika, mpaka geti linalira panja ndipo ndinamva Kambewa akukokera chikwama chake pamasitepe. Ndinapukuta kumaso ndi mkono n'kupita kukatereka madzi a tiyi.