Dzanja Lozolowera Kuzimitsa

Ophunzira a ku yunivesite ya kwawo ankawatcha a Choko, ndipo dzinalo linawakhala, chifukwa chilichonse chimene labu yawo inalibe, mayiwa ankachijambula pa bolodi. Moyo wawo wonse ankafufuza za mungu, kafumbi kachikasu ka m'maluwa kaja, pa maikulosikopu yokalamba imene inkafuna kuinyengerera ngati apongozi. Ndiye ataitanidwa kunja kukagwira ntchito miyezi yowerengeka mu labu ya akatswiri anzawo, ananyamula kabotolo ka mungu wa mtengo umene anayamba kuulondalonda akadali mtsikana. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kuuona munguwo pa makina aakulu okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso asanabwerere kwawo.

Makinawo ankakhala m'chipinda chapansi, chopanda zenera. Anakawaonetsa ndi pulofesa, mwini labuyo, bambo wamtali wovala kabudula ngakhale kunja kuzizire bwanji. A Choko anangowatcha a Kabudula, chamumtima. Chitseko chitatseguka, mayiwa anaima chilili. Chinali chimphona chachitsulo choyera mbee, chachitali kuposa munthu, mapaipi ali yangayanga kumbuyo, chikung'ung'udza chapansipansi osapumira. Anthu ankayenda monyang'ama, akulankhula monong'ona, ati ngakhale chifuwa chimagwedeza chithunzi. A Choko anapinda manja kumbuyo ngati mwana m'sitolo ya mbale zadothi.

"Ofuna kugwiritsa ntchito ndi ambiri," anatero a Kabudula. "Tsiku lanu lili chakumapeto kwa ulendo wanu. Pakadali pano muziphunzira kaye poonerera."

Madzulo anaimbira foni amuna awo.

"Bambo a ana, ndaona zinthu ine. Kuno magetsi sathima."

"Ndi pang'ono pomwe?"

"Ngakhale kuphethira."

"Nanga ntchito ikachedwa amanamizira chiyani?"

Anaseka mpaka misozi. Koma tsiku lawo litatsala pang'ono, zoseka zinatha.

Tsiku lina atatha kuonerera, anzawo anathamangira kumsonkhano, a Choko n'kutsala okha akutolera chikwama. Potuluka, dzanja linangopita lokha kuseri kwa chitseko, pamene panali swichi yaikulu. Thwa! Kung'ung'udza kuja kunatsika mpaka zii. Mtima wawo unakhala m'malo, ngati mayi amene watseka khomo ana onse ali m'nyumba. Paja kwawo wotuluka pomaliza amazimitsa chilichonse, chifukwa magetsi akathima amabwerera ndi ukali n'kuotcha zipangizo. Iwowa anathamangitsapo ophunzira mu labu chifukwa choiwala lamulo limeneli. Ndipo pa swichiyo panalibe chenjezo lililonse. Ndani angalembe chikwangwani choletsa kuzimitsa dzuwa?

Kutacha anapeza anthu ataunjikana pakhomo la chipinda chija ngati pachitika zovuta. A Kabudula anali atagwira m'chiuno.

"Makinawa sanazimitsidwepo chiwaikireni," ankafotokoza. "M'kati mwake simufunika mpweya ndi pang'ono pomwe. Tsopano walowa. Kuti tiupope wonse n'kukonza zonse zibwerere mwakale, papita masiku ambiri. Koma wachita zimenezi ndani?"

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ka a Choko kanali katadula pakhosi. Ntchito za anthu onsewa zinali zitaima, ndipo tsiku lawo lomwe linali litapita ndi mphepo. Manyazi anawagwira, chisoni n'chosanena.

"Ndine," anatero. "Ndimati ndikuteteza."

"Kuteteza ku chiyani?"

Anafotokoza zonse: za magetsi obwerera mwaukali, za firiji imene inapsa ndi mungu wa zaka zambiri m'kati, za lamulo la wotuluka pomaliza. A Kabudula anamvetsera, nkhope ikumasuka pang'onopang'ono.

"Mukutanthauza kuti labu yanu yonse imagona usiku?"

"Imagona. Nthawi zina imagona ndi masana omwe."

Wina anaseka, koma ena sanaseke, ndipo sitingawanene, nawonso anali ndi ntchito zawo. Masiku otsatira a Choko ankadyera pakona, akupereka moni wapansipansi. Anayamba kulongedza katundu. Kabotolo kaja anakakulunga mu sokosi n'kukabwezera mu sutikesi mmene kanabwerera.

Kutatsala pang'ono kuti anyamuke, a Kabudula anagogoda pa ofesi yawo.

"Adzuka makina aja. Tisanatsegulire anthu, tiyenera kuwayesa ndi kanthu kalikonse. Kawirikawiri timaikamo kachitsulo, koma palibe lamulo loti chikhale chitsulo. Mungu wanu uli kuti?"

Inu, munthu wamkulu kuthamanga chotero! Anakafika kunyumba yogona alendo, anabwerera wefuwefu, kabotolo kali m'manja, sokosi ikadali pomwepo.

Munguwo anaukonza, anautsekera m'mimba mwa chimphona chija, nyali za m'chipinda n'kuzichepetsa. Poyamba pa sikirini panali mbuu ngati nkhungu. A Kabudula anapotoza kabatani, ndipo m'nkhungumo munatuluka chinthu.

A Choko anagwira pakamwa. Kambewu kamodzi ka mungu, kamene zaka zonsezi ankakajambula ngati kampira kosalala ka timizere titatu, kanadzaza sikirini yonse. Sikanali kosalala ayi. Kanali ndi minga yondandana bwinobwino, pakati pa mingayo pali ukonde wolukidwa mwaluso, m'maso mwa ukondewo muli timaenje, ndipo m'timaenjemo munkaonekanso tina tating'ono. Timizere titatu tija tinali zigwa zakuya zokhala ndi milomo yopindika. Zonsezi pa kafumbi kamene munthu amakasasa pa malaya osakaona! Anachita mantha, anakondwa, ndipo misozi inangoyenda yokha mpaka kugwera pa kolala.

"Muli bwino?" anafunsa a Kabudula.

"Ana a eni ake," ananong'ona a Choko. "Onse aja ndinawaphunzitsa kuti n'kosalala. Ena ndinawalepheretsa mayeso."

"Tijambule chithunzi tsopano?"

"Jambulani, ndikawaonetse ndekha." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya, anakokera mpando pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. "Koma musachotse msanga. Kulitsaninso pamenepo, pa kadzenje ako. Ndione kuti m'katimo mulinso chiyani."