Zala zinayi pa chithunzi cha msana wanga

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo madokotala kuno mumzinda wa Plovdiv analumikiza mafupa awiri a msana wanga, cha m'chiuno, ndi zitsulo. Tsopano fupa la pamwamba pake layamba kudyeka, ndipo ndikayenda pang'ono mwendo umachita dzanzi. Ndikapanda kuchitidwanso opaleshoni, akuti chaka chamawa sindidzayendanso.

Dokotala Kalaydzhiev anapachika pa galasi lowala chithunzi chakale cha mafupa anga, chomwe anandijambula opaleshoni yoyamba isanachitike.

"Aphunzitsi, inu ndinu a masamu, onani nokha," anatero. "Anzanga anapinda zitsulo motsatira chithunzichi, koma apa simunaime mmene thupi lanu limaimira. Zitsulo zinakhala mopendekera, katundu yense n'kuthera pa fupa lapamwambali. Anakugwirani ndani?"

"Palibe."

"Nanga izi?"

Analoza m'mphepete. Panali mafupa a zala zinayi, china chili ndi mphete, zitagwira nthiti zanga zakumanzere. Tsiku limene anandijambula chithunzicho ululu unandikulira, ndipo mkazi wanga Velichka anachonderera kuti alowe nane. Anamwalira chaka chatha. Ndinali ndisanaonepo mafupa ake.

"Ulendo uno muime nokha," anatero dokotala. "Chithunzi chikanama, ine sindikuchitani opaleshoni."

Wojambula chithunzi chatsopano anali mayi wina dzina lake Nevena, woyankhula akutafuna chingamu.

"Vulani malaya, a Gochev. Manyazi a chiyani? Ndaona misana yoipa kuposa wanuwu. Zibakera pa mapewa. Musapume."

Makina analira. Nevena anasuzumira pa kompyuta yake.

"Mwatsamira kumanzere. Mukufuna kugwera ndani? Ine ndili pabanja."

Tinayesanso, zinali chimodzimodzi.

Ine za mizimu sindikhulupirira. Ndingonena zimene ndinamva. Chipindacho chinali chozizira kwambiri, koma pansi pa nthiti zanga zakumanzere panali pofunda, malo okula ngati chikhatho. Nditayesa kuwongoka pang'ono, kufundako kunayamba kuchoka. Ndinapendekeranso.

"Bambo inu, chithunzi chotere adokotala achikana," anatero Nevena, tsopano osaseka. "Mwaima ngati pali wina wakugwirani. Panja pali mzere, tikuyesa komaliza. Wongokani."

Ndinayang'ana khoma loyera patsogolo panga. Madigiri amene ndinali nditapendekera ndikanatha kuwawerengera ndekha, sanali ambiri.

"Jambulani momwemu, mayi," ndinatero.