Thabwa la pa Chigayo

Injini ija ndinaigula ngati chitsulo chotayidwa pa esiteti ya fodya kuseri kwa Nsaru, kumene ndinabwera ndili mnyamata kuchokera ku Phalombe kudzagwira utenanti. Inali ya lole ya nthawi ya atsamunda. Lole inatha ndi dzimbiri, injini inatsala. Ndinaikokera pa ngolo mpaka kumudzi kwa mkazi wanga Nellie, kumene ndinkakhala chikamwini, ndipo ndinaimangira chigayo.

Sinali ngati mainjini enawa. Inalibe mutu, inalibe mavalavu. Inali ndi masilinda atatu ogona, ndipo mu silinda iliyonse munali mapisitoni awiri oyang'anana ngati nkhosa zamphongo. Ankathamangirana, koma asanagundane dizilo ankaphulika pakati pawo n'kuwabweza. Pobwererapo, ina inkatsegula mabowo otulukira utsi, inzake n'kutsegula olowera mpweya. Amakaniko okalamba a pa esiteti, amene anandiphunzitsa, ankati mtundu umenewu unayendetsapo sitima ndi ndege zankhondo kutsidya kwa nyanja, eni ake asanautaye.

Anandichenjezanso za nthenda yake. Mpweya umalowa mochita kukankhidwa ndi chopemerera, ndipo mphira ya chopemereracho ikatha, chimayamwa oyilo. Injini ikalawa oyilo wake imathamanga yokha. Ngakhale utseke dizilo, simva. Mankhwala ake ndi kuitseka mphuno kuti ibanike. Choncho ndinasema thabwa la mlombwa, ndinamatapo mphira ya tayala, n'kulikoleka pa msomali pafupi ndi polowera mpweya. M'mawa uliwonse ndinkalipukuta ufa kuti likadzafunika lidzamate bwino, ndipo sindinkalola munthu kuligwira. Anthu a m'mudzi muja, ukawasiyira chinthu, mawa umachipeza chili chitseko cha khola.

Nellie anamwalira m'nyengo yozizira, osandisiyira mwana. Titameta, achimwene ake, alamu anga a Edward, anaitanitsa abale kuti andisudzule. Anandiyamika nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti pali chimene akufuna. Anati nditenge zovala, njinga ndi bedi. Ndinafunsa za injini.

"Injini ndi yanu, alamu, sitikukana," anatero. "Koma mabawuti ake ali m'dothi lathu. Mukaizula ndiye kuti mwazula dothi."

Chigayo anachipereka kwa mphwa wawo Aubrey, woyendetsa kabaza. Ku Phalombe kunalibenso wondidziwa, ndiye ndinachita lendi kachipinda pa Nsaru. Mphepo ikawomba bwino, ndinkaimva injini yanga ikugaya.

Tsiku lina ndinamva kuti kulira kwake kwasintha. Ndinapita, ndipo ndinapeza kukamwa kwa chopemerera kuli konyowa ndi oyilo, pa msomali palibe kanthu. Aubrey sanabise. Anati anabweretsa anthu a mapemphero kudzayeretsa chigayo, ndipo iwo anaona thabwa lakuda limene mudzi wonse unkandiona ndikulisisita m'mawa uliwonse. Anthuwo anati ndi limene linkakoka makasitomala, linatseka mimba ya Nellie, kenako linamudya. Analiwotcha pabwalo akuimba.

Ndinameza mawuwo chifukwa cha injini. Ndinafotokozera Aubrey ndi a Edward za oyilo, za mphuno ndi za kubanika. A Edward anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ili ndi mphuno eti, alamu? Ndiye ikagwidwa chimfine tidzakuitanani."

Aubrey sanaseke nawo. Anati thabwa lina likadzaoneka pa chigayo, onse adzadziwa amene walibweretsa. Ndinasemabe lina, n'kulisunga pansi pa bedi.

Zinachitika anthu atakolola, masana, chigayo chitadzaza azimayi. Ndinali pakhonde pamene kulira kunayamba kukwera, n'kumangokwera osabwerera. Ndinatenga thabwa ndi njinga. Mawondo angawa ndi otha, koma ndinapalasa. Nditafika, utsi woyera unali kutuluka pakhomo ndi m'denga. Azimayi anali atathawa, madengu ali mbwee. Aubrey anali panja, akuuza aliyense kuti dizilo watseka koma chinthucho chikungolira.

Nthawi inalipo. Kuchokera pakhomo kufika pa mphuno ya injini sipatali. Koma a Edward anaona chimene ndinanyamula, ndipo anyamata awiri anandigwira manja n'kundigwetsa. Ndinawapempha. Ine amene sindinapemphepo kanthu m'mudzi umenewo, ndinapempha nkhope ili m'fumbi.

"Mugwireni," anatero a Edward. "Wabwera kudzamaliza."

Ndinamva chitsulo chikuthyoka mkati, kenako chinzake. Mapisitoni amene anakhala akuthamangirana moyo wanga wonse osakhudzana anagundana, chitsulo china chinaboola khoma, ndipo kunangoti zii.

Anthu akuti palibe chovuta kumvetsa. Chigayo chinafa ine nditangofika, thabwa lakuda lili m'manja. Tsopano ndikamadutsa pa msika azimayi amakokera ana awo kumbali.

Sabata yatha ogula zitsulo anadutsa pa Nsaru ndi lole. Ndinaiona injini yanga ili kumbuyo, pakati pa mapoto obooka ndi mafelemu a njinga. Anaidula ndi moto m'munsi kuti asavutike kumasula. Mabawuti anawasiya. Akadali m'dothi lawo.