Chingwe cha Malemu

Tandiuzeni inu ophunzira: n'chiyani chimabadwa ndi mano, koma chikakalamba chimachita dazi? Mwalephera? Ndi tayala. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma zimenezi ndimazidziwa.

Tsiku lina ndinali m'shopu ya matayala ndi mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga. Matayala onse anayi a pikapu yathu anali atachita dazi, mvula ili pafupi. Kwathu msewu umayamba ndi tala, kenako miyala, kenako matope. Kumapeto kwa matopewo kumakhala achemwali anga, munthu yekhayo wotsala amene amandifunsa ngati ndadzuka bwanji. Ana ali kutali. M'nyumba mwanga chimayankhula ndi wotchi yokha.

"Alamu, inu khalani apo," anatero mlamu, akugwedeza makiyi a galimoto yanga. "Ndayendetsa malole zaka makumi awiri. Saizi ya tayala ndimaidziwa ndi diso. Ndipo ngati tayala lokha likukuvutani kusankha, galimoto ya achimwene ikhale kwa ine."

Pikapu ikapita, ndiye kuti dzinja lonse ndicheza ndi wotchi.

Ndinasuzumira m'mizere ya matayala. Ena anali osalala, a m'tauni. Ena a mano ngati a ng'ona, aphokoso pa tala. Ndinapisa chala m'mipata ya tayala lina lapakatikati, monga ankachitira malemu, chinalowa mpaka chikhadabo chonse kubisika.

"Ili limayenda paliponse, amayi," anatero wogulitsa.

"Ka njinga kameneko?" anaseka mlamu. "Tipatseni zazikulu izo!"

Ndinamasula kachingwe kumpango wanga. Malemu anakadula molingana ndi limu ya galimoto yathu, chitsulo chija amavekapo tayala, pakuti manambala a pa tayala ine ndimangowaona ngati nyerere. "Ndikadzapita, uzidzayeza ndi aka," anatero akuseka. Ndinawatukwana tsiku limenelo.

Ndinayeza pakamwa pa tayala langa. Ndendende. Ndinayeza la mlamu, kachingwe kanaperewera zala zinayi.

"Alamu, inu ndinu akatswiri," ndinatero mwaulemu. "Liyeseni tione."

Makaniko anagoneka chitayala chija pa benchi ziwiri, nabweretsa limu yathu. Mlamu anamukankha. "Choka, ndikuonetse ntchito." Anainyamula yekha, naiika pakati. Limu inangodutsa ngati mwendo wa nkhuku m'jombo, n'kukagwera pa chala chake chachikulu chakuphazi. Ngwee!

"Diso la zaka makumi awiri limenelo, bwana?" anafunsa makaniko.

Shopu yonse inagwa nacho chiseko. Mlamu ankadumpha ndi mwendo umodzi, makiyi ali pansi. Ndinawatola. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo chigongono changa chinapita chokha kumanzere kukagunda nthiti za malemu kuti nawonso aone.

Chinangogunda mulu wa matayala.